Ankolo Dyson ndi Chibelu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mvula. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinkayenda ndi beseni la zitumbuwa za amayi mu Zingwangwa, ndipo tsiku lina mvula inandipezera kumunsi kwa msika. Ndinathawira m'kashopu ka magemu komwe ndinali ndisanalowemo chibadwire, poti kwathu ankati mumalowa ana osamva. M'katimo munali mdima, phokoso ndi fungo la thukuta. Anyamata anali thithithi pa mabenchi, maso onse pa sikirini. Denga linkadontha, ndipo madzi ankagwera pamwamba penipeni pa tivi yapakati, ija ya chimsana chachikulu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankaona. Ndinakhuthulira zitumbuwa m'jumbo, n'kukatchera beseni langa pamwamba pa tiviyo.

Mwini shopuyo anali bambo wina wamtali, wa manja akuluakulu, amene aliyense ankamutcha ankolo Dyson. Anayang'ana beseni, anayang'ana ine.

"Iwe mtsikana, uli pantchito kwa ndani?"

"Kwa amayi anga."

"Ukawauze kuti ndikufuna munthu amene maso ake sakhala pa sikirini."

Amayi anakana kaye. Kenako anapita okha kukaona malowo, n'kupeza kuti mkazi wa ankolo, amake Linda, amaimba nawo kwaya imodzi kutchalitchi. Nkhani inathera pomwepo, ndipo Lolemba lake ndinayamba ntchito.

Anthu amaganiza kuti m'shopu ya magemu mumangokhalira kusewera. Ayi ndithu. M'mawa ndinkasesa, n'kuchotsa fumbi m'timazenera ta makina ndi mswachi wakale, chifukwa makina akabanika amatentha n'kuzima okha pakati pa gemu, ndipo wotukwanidwa umakhala iwe. Madisiki ndinkapukuta ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira. Diso la makina lowerengera disiki ndinkalitsuka ndi kathonje ka m'makutu konyika mu sipiliti, mwaulemu ngati ndikutsuka chilonda cha mwana. Padi, kachipangizo ka mabatani kamene wosewera amagwira m'manja, ikayamba kukakamira ndinkaimasula ndi kasikuludiraiva ka sitala, n'kupukuta timphira ta pansi pa mabatani, momwe mumadzaza mafuta a chipisi ndi thukuta la anthu a Zingwangwa yense. Magetsi akazima, choyamba chinali kuzula nthambo zonse kukhoma, chifukwa akamabwera amabwera ndi ukali. Kuwonjezera apo panali kuyang'ana wotchi, kuchotsa munthu amene nthawi yake yatha, ndi kuleretsa ndewu. Pa zonsezi ndinkadziwika ndi pakamwa. Ankolo ankati anandilemba ntchito chifukwa cha maso, koma lilime anangolipeza la mahala.

Ambiri ankabwerera magemu a mpira. Koma pakona panali makina akale okhala ndi gemu ina ya dzina lalitali la Chingerezi limene palibe ankalitchula. Tonse tinkangoti gemu ya kumanda. Unkakhala munthu wa lupanga ndi chishango, ukudutsa m'manda usiku wa chifunga kulowera ku chinyumba chamiyala chokhala ndi nsanja zosongoka. Usanalowe m'chinyumbacho, pachipata pankaima mdani wamkulu woyamba, amene osewera amati bosi. Chinali chimunthu chovala zitsulo, chachitali ngati chipatacho, chikukoka belu la tchalitchi pa tcheni. Ife tinkachitcha Chibelu. Anyamata odzitama ambiri anathera pa chipata chimenecho.

Akakanika ankakuwa, "Ankolo, tidutsitseni!" Ankolo ankabwera, n'kulandira padi chiimire, n'kumamenya Chibelu uku akukamba za mitengo ya matayala, poti kale anali dalaivala wa minibasi. Sankayang'ana n'komwe zala zawo. Akachigwetsa ankabweza padi kwa mwini wake n'kunena kuti, "Lowa m'nyumba, chitseko ndakutsegulira."

Ine anandiphunzitsa masana ena kulibe anthu. Chibelu chikamakoka belu chapansipansi, umadumpha. Chikalikweza m'mwamba, usathawire kumbuyo, uzigubudukira kumbali, chifukwa belu likamenya pansi limatitimira, ndipo nthawi yobaya ndi yomweyo chikulimbana ndi kulizula. Usachite dyera, baya pang'ono uchoke. Pamwamba pa sikirini pamakhala mzere wofiira wa moyo wake. Ukafika pakati, chimayamba kuliza belu lija, ndipo mafupa a anthu amadzuka m'manda n'kumakugwira miyendo. Apo ndi pamene ambiri amasokonekera, n'kumamenya mafupa kuiwala belu. "Mafupa ndi phokoso chabe," ankatero ankolo. "Iwe yang'ana phewa lake, ndilo limanena zoona." Ndinafa kosawerengeka ndisanachigwetse, ndipo tsiku limene ndinachigwetsa ankolo anandigulira fanta.

Chaka chachiwiri ndili pantchitoyo, m'nyengo yotentha, ankolo anagwa kunyumba akuvala nsapato. Inali sitiroko. Anakhalitsa kuchipatala, ndipo shopu ndinkaiyendetsa ndekha. Atatuluka anali munthu wina. Kamwa linakokera kumbali, mawu ankatuluka mochedwa, mwendo wamanja ankachita kuukoka, ndipo dzanja lamanja, lija losewera losayang'anidwa, linangofumbata pamimba. Tsiku loyamba kuwaona ndinawapatsa moni bwinobwino, n'kupita kuseri kwa nyumba kukalira.

Sipanapite nthawi, akulu awo a ankolo anabwera kuchokera kumudzi ku Phalombe. Maganizo awo anali amodzi: munthu wodwala sakhala m'tauni pa lendi, shopu igulitsidwe, Dyson apite kumudzi kwa amayi ake akasamalidwe ndi alongo ake. Kunena zoona sankalankhula mwankhanza, ankaona kuti akuthandiza. Koma ankolo anabwera m'Blantyre ali mnyamata, ndipo shopu ija inali moyo wawo wonse. Amake Linda nawo mtima unali m'mwamba. Iwo kwawo n'ku Chiradzulu, ndipo kumudzi kwa amuna akanakakhala mlendo, kusiya benchi yawo ya kaunjika ndi sukulu za ana.

Ine ndinalipo pamene ankolo anayankha. Analankhula pang'onopang'ono, akupukuta pakamwa ndi kathaulo.

"Achimwene, mubwerenso kutha kwa mwezi. Muli gemu m'shopu muja. Ndikachigwetsa Chibelu ndi manja angawa, ndiye kuti shopu ndiitha, mundisiye. Ndikalephera, ndikwera galimoto ndekha."

Akulu awo anaseka, nati za ana zimenezo, koma anavomera. Ndikuganiza kuti ankaona kuti dzanja limenelo silingagwire ngakhale supuni.

Kuyambira pamenepo ndinkadzera kunyumba kwawo m'mawa uliwonse kudzawatenga. Tinkayenda pang'onopang'ono, iwo ndi ndodo, ine kumbali yamanja kuopa miyala ya mumsewu. Tikafika ndinkatseka chitseko, makasitomala asanayambe kubwera, n'kuyatsa gemu ya kumanda. Masiku oyamba padi inkangogwa. Ndinapeza kathabwa, n'kukulunga nsalu, n'kumawaikira pamiyendo kuti padi izigona pamenepo. Kenako ndinalowa mu zosinthira za gemuyo n'kusamutsa ntchito za mabatani. Kudumpha ndi kugubuduka ndinazipititsa ku mabatani apamwamba a kumanzere, kuti azidina ndi zala za dzanja labwino, lomwelo loyendetsa munthu. Kumanja ndinangosiyako kubaya, ndipo ankadina ndi mfundo ya chala chapakati, dzanja lili chifumbatire. Ndisanasinthe ndinawafunsa ngati si kuba. Anati, "Wosewera ndi ndani?" Ndinati ndi inu. Anati, "Ndiye sintha."

Ndinaona munthu wa lupanga uja akufa pa chipata chimenecho m'mawa uliwonse. Ankolo thukuta linkachita kuyenderera, dzanja linkanjenjemera, nthawi zina linkakana kudina pamene belu latitimira, Chibelu chili poyera kudikira lupanga. Ankatukwana dzanjalo ngati kondakitala waulesi. Manja anga ankandiyabwa kufuna kulanda padi, koma ndinkawakhalira. Pang'onopang'ono zinayamba kusintha. Mzere wofiira unayamba kufika pakati. Mafupa anayamba kudzuka, iwo osatekeseka. Chakumapeto kwa mwezi anachitsitsa mpaka kungotsala kamzere kochepa ngati chikhadabo, belu n'kuwapeza chifukwa mwendo unakokana n'kugwedeza thabwa. Tsiku limenelo anaseka, koyamba chidwalireni. A mafizo kuchipatala anali atawapatsa kampira kofinya, koma iwo ankati Chibelu ndiye dokotala weniweni.

Amake Linda sankabwera m'mawa muja. Iwo ankangoona bambo wobwera kunyumba ali wefuwefu, wokanika kumanga mabatani a malaya. Akandifunsa ndinkati zikuyenda, koma pankhope pawo pankaoneka kuti akuti mwanayu akungonditonthoza.

Tsiku lija linafika, Lamulungu masana titaweruka kutchalitchi. Nkhani inali itamveka, ndipo shopu inadzaza kuposa tsiku la fainolo ya mpira. Panali mnyamata wina wamkulu ndithu, Yohane, woyendetsa njinga yamoto ya kabaza, amene anakulira m'shopu momwemo ndipo ankolo ankamutenga ngati mwana wawo. Amake Linda anandiuza kuti, "Mphatso, iwe kawatenge abambo, makiyi musiyire Yohane akonze malo." Sindinaganize kanthu, ndinapereka.

Titafika tinapeza zonse zili m'malo. Mpando wa ankolo unali kutsogolo, gemu itayatsidwa kale, munthu wa lupanga ataima pachipata. Akulu awo anaima pakhomo ndi chipewa m'manja. Yohane anakhala pa benchi yakumbuyo, atavala jekete lake la njinga, kutentha konseko. Ndinaika thabwa pamiyendo pa ankolo, n'kuwagonekera padi.

Chibelu chinatuluka. Belu linabwera chapansi, munthu anadumpha. Linakwera m'mwamba, anagubudukira kumbali. Linatitimira, lupanga linalowa. Zonse zinkayenda mosalala kuposa m'mawa uliwonse umene ndinaonapo. Anyamata anayamba kukuwa, "Madala abwerera! Madala abwerera!" Ankolo anatembenukira kwa ine, maso akuwala, mbali yabwino ya kamwa ikumwetulira.

"Mphatso," anatero, "likumva. Dzanja likumva!"

Mawu amenewo amandipweteka mpaka lero.

Mzere unafika pakati, belu linalira, mafupa anadzuka. Fupa lina linagwira munthu mwendo pamene belu linkabwera. Pamenepo munthu wa pa sikirini anadumpha chagada n'kubaya ali m'malere. Ndi kamenyedwe kokongola, koma kamafuna kudina mabatani awiri a kumanja nthawi imodzi, mwachangu. Ankolo ankakachita kale asanadwale. Ndi dzanja lofumbata lija sakanatha, ndipo mmene ndinasinthira mabatani, kamenyedwe kameneko kanalibe n'komwe podinira.

Ndinatsatira nthambo ndi maso. Makina aja ali ndi mabowo awiri osomekamo mapadi, ndipo gemu ya munthu mmodzi imamvera bowo loyamba lokha. Nthambo ya ankolo inali m'bowo lachiwiri. M'bowo loyamba munali nthambo yowonjezera, yodutsa pansi pa mkeka ndi pansi pa mabenchi, kukathera m'jekete la Yohane.

Njira imeneyi tonse m'shopu tinkaidziwa, ndipo anaiyambitsa ndi ankolo omwewo. Kasitomala akabwera ndi kamng'ono kake kolirira padi, tinkasomeka ina m'bowo lachiwiri n'kukapatsa. Kamwanako kankadina mosangalala, n'kumadzitama kuti kakumenya, pamene wosewera ndi mkulu wake. Tinkaseka, ndipo palibe ankaona cholakwa.

Ndisanatsegule pakamwa, ndinaona kuti ankolo adziwa kale. Sanayang'ane nthambo, sanacheuke. Anangochotsa manja onse pa padi, pang'onopang'ono, n'kunyamula lamanja ndi lamanzere kuliika pamwamba pa ndodo yawo. Munthu wa pa sikirini anapitiriza kudumpha, kugubuduka ndi kubaya. Ankolo anakhala phee n'kumaonera. Yohane maso anali pa phewa la Chibelu, monga anamuphunzitsira, ndiye sanaone chilichonse. Anamaliza ntchito yake bwinobwino. Chimunthu chija chinagwada, belu linasweka, chipata chinatseguka.

Shopu inaphulika. Anyamata ankamenya mabenchi, amake Linda analiza nthungululu. Kenako mmodzimmodzi anayamba kuona pamene panali manja a ankolo, ndipo phokoso linatha lokha. Kunangotsala nyimbo ya gemu.

"Yohane," anatero ankolo osatembenuka. "Tulutsa padi m'jekete. Ufa ndi kutentha."

Yohane anaitulutsa. "Ankolo, sole. Sole zedi. Ife timangofuna musapite."

"Wamenya bwino."

Amake Linda anagwada pambali pa mpando. "Abambo a Linda, musamukwiyire mwanayu, ndamutuma ndine. Ndimaopa. Kumudzi kuja ine ndikatani? Anawa akatani?"

Ankolo anawayang'ana. Panalibe ukali pankhope pawo, ndipo zikanakhalako bwino ukanakhalapo.

"Ndafika pa bowo lachiwiri, eti?" anatero.

Akulu awo pakhomo paja anali asanamvetse. "Nanga wapambana kapena ayi? Ndikuona anthu akulira."

"Achimwene, pezani galimoto."

Apo ine ndinalumpha. Ndinazula nthambo ya Yohane n'kuiponya pansi, n'kusomeka ya ankolo m'bowo loyamba onse akuona. "Ankolo, onani, ndasomeka ndekha. Mabatani wawabwezera mwakale, ndiwasinthanso pompano. Muyambirenso, chonde. Muchigwetsa, ine ndikudziwa."

"Zimitsa, Mphatso."

"Ankolo, kamodzi kokha."

"Ndati zimitsa."

Ndinazimitsa. Zimene ndinamuuza Yohane panja tsiku limenelo sindingazilembe pano. Anangoima n'kumamvera, misozi ikutsika, bambo wonse wandevu, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa, chifukwa ndinkafuna wina woipa mtima woti ndidane naye ndipo panalibe.

Sabata imeneyo ndinapitabe m'mawa uliwonse kukawatenga. Ankandiyankhira pa mkeka kuti lero ayi. Makina ndi mativi anagula munthu wina wa ku Ndirande. Ndinawapukuta komaliza, ndinakulunga nthambo iliyonse payokha, ndinaika madisiki m'mabokosi ake, ndikulira ngati ndili pamaliro. Ndinali wokwiya, ndinali wachisoni, ndipo ntchito yanga yomwe inkathayo sindinkaiganizira n'komwe.

Loweruka kunabwera kapikapu. Anthu ali kalikiliki kukweza matiresi ndi ziwiya, ankolo anali atakhala pa mpando pakhonde. Anandikodola ndi dzanja lamanzere, ndipo ndinagwada pafupi.

"Iwe unkaona m'mawa muja," anatero chapansipansi. "Undiuze. Ndikanachigwetsa?"

"Mukanachigwetsa, ankolo. Chinangotsala pang'ono. Mwina osati ulendo woyamba, koma tsiku lomwe lija mukanachigwetsa."

Ndinanena zoona zokhazokha, ndipo ndinawayang'ana m'maso ponena. Iwo anandiyang'ananso, n'kumwetulira ndi mbali imodzi ija, n'kundisisita paphewa.

"Uli ndi mtima wabwino ngati anzako," anatero.

Pamenepo ndinamvetsa chimene chinawonongeka Lamulungu lija. Mawu abwino aliwonse ochokera kwa ife anali atasanduka opanda ntchito. Tikanawauza kuti mwendo ukuyenda bwino, kuti mawu akumveka, kuti akuchira, iwo akanangomva anthu achifundo akusangalatsa mwana. Anawakweza kutsogolo, pafupi ndi dalaivala, ndipo galimoto inatsika kulowera njira ya ku Limbe. Anakhala kumudziko zaka zochepa n'kumwalira. Amake Linda anandiuza pamaliro kuti kampira ka mafizo kaja sanakagwirenso.

Pano ndili ndi benchi yanga yokonzera mafoni m'Limbe, ndipo ndimaphunzitsako ena ntchitoyi. Kumabweranso azibambo ndi azimayi achikulire amene foni yawavuta, zala zikunjenjemera pa sikirini. Zimene amalimbana nazo ine ndingazichite ndikuyang'ana kumbali. Koma sindilanda chinthu m'manja mwa munthu, ndipo sindimukonzera mwakabisira n'kumuuza kuti wachita yekha. Ndimafunsa poyera kuti, ndikuchitireni kapena ndikudikireni? Akati dikira, ndimakhalira manja anga, ngakhale mzere ufike pamsewu. Munthu akalephera yekha amatsala ndi mawa loti adzayesenso. Ukamupambanitsa mwabodza umamulanda ndi mawa lomwe.

Yohane timapatsana moni tsopano, ndipo nthawi zina amandinyamula pa njinga yake osafuna kanthu. Za tsiku lija sitikamba. Ine ndimadziwa kuti ankolo Dyson akanachigwetsa Chibelu ndi manja awo, chifukwa ndinalipo m'mawa monse muja ndipo ndinaona. Koma munthu mmodzi yekha amene ankafunika kudziwa zimenezo anandifunsa, ndinamuuza, ndipo anakwera galimoto asakundikhulupirira.